Madzi a m'ngalande ya anyani

Dalitso ndi Tisa, ana anga,

Anthu amaseka ndikanena kuti ndinapuma pantchito, chifukwa imvi ndilibe, ndipo iwe Tisa ukadali wogwira chitenje changa popita kutchalitchi. Koma kupuma ndinapumadi. Ndaganiza zolemba mmene zinakhalira mukadali aang'ono, nkhaniyi isanakufikeni kuchokera pakamwa pa ena, poti alipo kuno ku Kanakantapa amene amaifotokoza mwa njira yawo. Za ubwana wanga palibe chachilendo. Ndi chimanga, sukulu, ndi fumbi la msewu womwewu umene mumayendamo.

Meyi, chaka chimene ndinatenga satifiketi

Kukoleji ndinaphunzira za umoyo wa ziweto. M'maganizo mwanga ndinkadziona ndikubaya ng'ombe katemera m'midzi, alimi akundipatsa dzungu pobwerera. Ntchito yoyamba ndinakaipeza pafamu ya nkhuku kufupi ndi msewu wa ku Kasisi. Bwana wake sankakonda kulankhula, ankangoloza ndi chala, ndipo ankakhulupirira kuti nkhuku ikafa ndiye kuti pali wina amene anagona. Kumeneko ndi kumene ndinadzidziwa kuti ndine munthu wamantha. Nkhuku imodzi ikangotsokomola, ndinkayamba kuziyang'ana zonse imodziimodzi. Chitopa chitalowa pafamupo, bwana anatseka makola onse, natiuza kuti tipite kwathu. Mayi wina wa kukwaya ndiye anandinong'oneza kuti kuzuu, malo osungirako nyama zakutchire amene anthu a ku Lusaka ankabwera kudzaona ndi ana awo, akufuna munthu wodziwa kutsuka mabala.

Januwale, chaka chotsatira

Zuu yathu sinali yaikulu. Inali ndi mikango iwiri yokalamba, ng'ona, fisi mmodzi wosaona diso limodzi, mbidzi, nthiwatiwa, ndi gulu la anyani. Ogwira ntchito tinkakhala m'komboni kumbuyo kwa mpanda, mzere umodzi wa zipinda za malata, timinda tathu ta repu ndi chimanga tili pambali. Mkulu wa osamalira nyama anali ba Mwale, bambo wa ku Petauke amene anafika pamalopo mitengo ya pachipata isanakule. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nandiuza kuti mikango si vuto, imangofuna nyama ndi mthunzi. Vuto ndi anyani, makamaka mtsogoleri wawo, chinyani chachikulu chimene ankachitcha Sajeni.

"Mwana wanga, nyani aziba mwamuna, aziba mkazi," anatero. "Mkazi samuyopa. Kwathu azimayi akamalonda munda avala buluku ya amuna awo. Ukangena na chitenje, Sajeni azakulanda ndowa na kukuperekeza pa geti."

Anandipatsa ovololo yawo yakale, majombo ndi chipewa cha mlaza. Anandiphunzitsa kuyenda motangadza, kutsokomola mwabesi ndisanatsegule chitseko, ndi kusayang'ana nyani m'maso. Azimayi a m'komboni atandiona anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo kuyambira tsikulo dzina langa linakhala ba Malume. Koma zinagwira ntchito. Sajeni ankandipatukira, ine n'kumathira chimanga ndi masamba otsala kumsika m'zodyeramo, miyendo ikuyenda ngati ya bambo wa ana asanu.

Zaka zimenezo zinali zosowa koma zabwino. Nyama ya mikango tinkaidikira kuchokera kumafamu, ng'ombe ikathyoka mwendo. Mankhwala akatha ndinkatsuka mabala ndi madzi amchere. Ndinakwatiwa ndi atate anu, amene ankayendetsa minibasi ya ku Chongwe ndi Lusaka ndipo ankabwera kunyumba Loweruka lokha. Iwe Dalitso utabadwa ndipo tchuthi changa chitatha, amene anakulandira anali mkazi wa ba Mwale, amake Joyce. Sanafunse n'komwe. Anangobwera m'mawa, nakuchotsa m'manja mwanga, nakubereka kumbuyo kwawo, nati, "Yendani ba Malume, anyani anu alindila."

Sabata yomweyo ndinalowa m'khola monga mwa nthawi zonse. Dzuwa linali litakwera, nthawi yoyamwitsa itadutsa, ndipo mkaka unadontha mpaka kunyowetsa ovololo pachifuwa. Sajeni sanapatuke. Anakhala pansi patsogolo panga, nakweza mphuno, nanunkhiza mpweya. Kenako anakweza nsidze, zikope zake zoyera zikuonekera, nayasamula pang'onopang'ono kuti ndione mano ake onse. Ndinatsokomola mwabesi. Iye anangotambasula dzanja, natenga ndowa m'manja mwanga ngati munthu wolandira katundu wake. Kuyambira tsiku limenelo ankadziwa chimene ndinali, ndipo m'khola la anyani sindinkalowanso popanda ba Mwale.

Juni, chaka chimene Dalitso anabadwa

Eni ake a zuu, amene ankakhala ku Lusaka, anatumiza manijala watsopano, Madamu Chanda. Ndikufuna mudziwe kuti anali mayi wabwino, wodziwa ntchito yake, ndipo ndi iye amene anayamba kutigulira magolovesi. Anatiitana tonse pansi pa chisakasa cha alendo, natsegula kompyuta, natisonyeza zithunzi za mmene zuu idzakhalire. Makola a waya achotsedwa. Anyani adzakhala pachilumba cha miyala ndi mitengo, popanda denga, ngalande yakuya ya madzi itazungulira, ndipo kutsidya kwa madziwo kudzakhala waya wa magetsi ndi khoma lalifupi loti alendo azitsamira. Malo okhawo okwanira chilumbacho anali pamene panali timinda tathu, kumbuyo kwenikweni kwa nyumba zathu.

"Manje anyani azankhala pa chilumba monga ma bwana," anatero ba Mwale, "ise tikali mu malata yodontha." Onse anaseka, Madamu nawonso. Ine ndinakweza dzanja, ndinafunsa kuti nanga madzi akachepa. Anandiyankha mofatsa kuti pampu idzadzaza ngalande tsiku lililonse, kuti waya uli ndi batire, ndiponso kuti masola, opangira magetsi kuchokera kudzuwa, aitanitsidwa kale. Kenako anandifunsa ngati ndikuona kuti khola lakale ndi labwino. Ndinkalidziwa khola lija kuposa onse: waya wa dzimbiri umene ba Mwale ankasoka ngati thumba, simenti yotentha, anyani aakazi ozula ubweya wawo chifukwa chosowa chochita. Mabala awo ndinkatsuka ndine. Mapulani aja anali achifundo, ndipo ndinachita manyazi kuti ndinali ndekha wowaopa.

Anamanga chilimwe chonse. Mvula yoyamba itagwa tinatsegula chitseko, anyani n'kutuluka mmodzimmodzi akuyang'ana kumwamba, poti ena mwa iwo anali asanaonepo thambo lopanda waya. Ana awo anayamba kuthamangitsana m'mitengo. Ndinalira pang'ono, osadziwa ngati ndi chimwemwe. Sajeni anakwera mwala wautali kuposa yonse, nakhala pamenepo, nkhope atalozetsa kumene kunali chingwe chathu choyanikapo matewera.

Seputembala, chaka cha chilala

Mvula ija inatinamiza. Inasiya chimanga chikumasula, ndipo pofika chilimwe magetsi ankazima kuyambira mbandakucha mpaka tonse titagona. Masola sanafike, nthawi zonse ankati ali m'njira. Pampu inkagwira ntchito kanthawi kochepa, ndipo madziwo ankagawidwa motere: poyamba akumwa a nyama, kenako dziwe la ng'ona, kenako ngalande ya anyani, ndipo m'komboni otsala. Mpopi wathu unkangotulutsa mpweya. Galimoto ya madzi inkabwera ikafuna, ndipo zigubu zimene inkadzaza zinkakwanira kumwa ndi kuphika basi.

Tsono taganizani: amayi a ana ambiri, zovala zanunkha, chimbudzi chopanda madzi, ndipo kuseri kwa khoma kuli madzi ambiri obiriwira amene ntchito yake ndi kungokhala. Pakhomalo panali kachipata kakang'ono kolowera poyeretsa, ndipo kiyi wake anali mmodzi, m'thumba la ba Mwale. Masana, alendo akachepa ndipo Madamu ali muofesi, ba Mwale ankatsegula, azimayi n'kulowa ndi ndowa zomangirira chingwe. Anayamba ndi madzi ochapira. Kenako ena anadzala repu m'matayala akale kumbuyo kwa zipinda, poti ndiwo kumsika zinali zitakwera. Ine sindinatunge, koma musandiyese woyera: matewera ako Dalitso ankachapidwa ndi madzi omwewo, ndipo repu ija ndinkadya.

Pakhoma la ngalande panali mzere wobiriwira wosonyeza pamene madzi ankafika kale. Tsiku lililonse mpata wa pakati pa mzerewo ndi madzi unkakula. Poyamba unali ngati chikhatho, kenako ngati mkono. Pamtengo wa pakona panali kabokosi ka waya wa magetsi kamene kankalira thi, thi, thi ngati wotchi. Batire ikatha, chakumasana, kankakhala chete. Ndinayamba kuona kuti kabokosi kakangosiya kulira, Sajeni ankasiya chimene akuchita, n'kutembenuza mutu. Ndinkatseka mawindo ngakhale kutenthe bwanji. Ndinkasiya ntchito pakati n'kuthamangira kunyumba kukaona ngati uli kumbuyo kwa amake Joyce kapena akugoneka pamphasa panja, ndipo iwo ankandiseka kuti ba Malume ali ndi mtima wa nkhuku.

Lachiwiri lina masana ndinkachokera kokapereka mankhwala kwa fisi, ndipo ndinadzera njira ya kuchilumba. Kabokosi kanali chete. Sajeni anali m'madzi. Anyani amadana ndi madzi akuya, n'chifukwa chake ngalande inakumbidwa, koma iye anali ataimirira ndi miyendo iwiri, manja m'mwamba ngati mayi wowoloka mtsinje atasenza mtolo, ndipo madzi ankamulekeza m'chiuno. Anayenda mpaka pakati. Anaima. Anayendanso mpaka anafika tsidya lathu, natambasula dzanja, nakhudza waya ndi kumbuyo kwa chala, msangamsanga, monga timayesera chitsulo chositira. Anaukhudzanso kachiwiri, nthawi ino mosafulumira. Kuseri kwa khoma mwana wina analira, ndipo sindikudziwa ngati unali iwe. Sajeni anamvetsera. Kenako anandiona, nandiyang'ana nthawi yaitali, nabwerera kuchilumba osathamanga.

Ndinapita kwa ba Mwale, amene ankadula nyama ya mikango. Anandimvetsera mpaka kumapeto osaika mpeni pansi. Anati Sajeni amudziwa kuyambira ali pamimba pa mayi ake, kuti nyani wokhuta sasiya akazi ake, ndipo kuti mvula ili pafupi. Ndinawapempha kuti angosiya kutsegula kachipata. Anandiyang'ana mwachisoni, nati, "Nanga nizawauza chani azimayi? Ati madzi ni ya anyani, imwe nunkhani?"

Madzulo ndinayesa amake Joyce. Anali akukudyetsa phala, iwe utakhala pamwendo pawo. Anati ana onse a m'komboni anakulira pafupi ndi mikango ndipo palibe amene anadyedwa. Ndinati mikango ili m'khola. Anati ndasanduka mzungu chifukwa cha satifiketi. Kenako anaseka, nakupukuta pakamwa ndi chala, nati, "Uyu mwana ni wanga. Nyani akabwela, azayamba kudya ine."

Ndinadziwa kuti akunena zoona, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa kwambiri, chifukwa ndinkadziwanso kuti Sajeni sangaope amake Joyce ngakhale atanyamula musi. Masana m'komboni munkatsala azimayi ndi ana okhaokha.

Loweruka atate anu atabwera ndinawauza zonse. Anati tikutengere ku Bundabunda kwa amayi awo. Koma unali ukuyamwabe, ndipo kumudzi kukanakhala manong'onong'o akuti ndakuletsa bere chifukwa ndili ndi pakati pena. Ndinawafunsanso kuti nanga ana enawo, amene alibe Bundabunda. Iwo anangoti, "Amake Dali, aba bantu ni bamene bazatinyamula tikafa. Osatiyika mu mavuto." Lamulungu kutchalitchi sindinamve ulaliki. Ndinkangoona chala chija chikukhudza waya.

Okutobala, chaka chomwecho

Lolemba m'mawa ndinakusiya kwa amake Joyce monga mwa masiku onse, ndinavala ovololo, ndinapita kuofesi. Ndinali nditakonza mawu anga panjira. Ndinkati ndinena za madzi ochepa ndi batire yakufa basi, osatchula munthu. Madamu Chanda anandimvetsera, nkhope yawo ikusintha, ndipo ndisanamalize anali atanyamuka kale. Tinayenda limodzi mpaka kungalande. Anaona mzere wobiriwira. Anati kuima kwa pampu ndi dzuwa pazokha sizingachepetse madzi chonchi. Kenako anayang'ana pansi, naona kanjira kosalala kochokera m'komboni kukathera pakachipata, mapazi a azimayi ndi mikombero ya ndowa zili m'fumbi. Sanandifunse dzina la munthu. Panalibe chifukwa, poti kiyi anali mmodzi. Ndinganame nditati sindinkadziwa kuti zidzatha choncho. Kanjira kaja ndinkakaona tsiku lililonse, ndipo ndinawatsogolera konko ndi miyendo yanga.

Tsiku lomwelo tinanyengerera anyani ndi chimanga ndi nthochi mpaka onse analowa m'khola lakale, limene mwamwayi linali lisanagwetsedwe. Amene anatseka chitseko anali ba Mwale, ndipo sanandiyang'ane. Madamu anayenera kuuza eni ake. Ndikudziwa kuti anawachonderera, chifukwa ndinawamva pafoni mawu atakwera, akunena za masola amene sanafike ndi za mpopi wouma. Koma a ku Lusaka anati munthu wotsegula chipata cha nyama zoopsa kwa azimayi ndi ana sangasungenso makiyi. Ba Mwale anali atatsala pang'ono kupuma mwaulemu. Anauzidwa kuti pakutha pa mwezi achoke, ndi nyumba yomwe.

Nkhani itafika m'komboni, ndinali ndikutsuka zodyera za nthiwatiwa. Ndinaona amake Joyce akubwera, iwe uli kumbuyo. Sanakalipe. Anaima patsogolo panga, namasula chitenje, nakutsitsa, nakukhazika pansi pafupi ndi majombo anga.

"Tengani mwana wanu," anatero. "Ise ndise osasamala."

Kuyambira pamenepo m'komboni munazizira. Moni wanga unkagwera pansi. Dzina la ba Malume linafa, ndipo ana ankandiitana ba Polisi, amayi awo osawaletsa. Galimoto ya madzi ikabwera, zigubu zanga zinkapezeka kumapeto kwa mzere ngakhale ndiziike poyamba. Repu ya m'matayala inauma, ndipo aliyense ankadziwa amene anaiumitsa. Panalibe wondilandira mwana, choncho ndinkakubereka pamwamba pa ovololo ndi kupita nawe kuntchito, bambo wa majombo ndi chipewa ali ndi khanda kumbuyo. Njira ya kumankhwala inkadutsa pakhola lakale. Sajeni ankabwera pawaya wa dzimbiri uja, n'kulowetsa zala m'mabowo, n'kumaugwedeza pang'onopang'ono, maso ali paphazi lako limene linkalendewera m'chiuno mwanga. Kumbuyo kwake anyani aakazi anali atayambanso kuzula ubweya.

Manja anga anayamba kunjenjemera moti sindinkatha kukoka mankhwala m'jakisoni. Tulo tinatha. Kuchipatala anati magazi akuthamanga kwambiri kwa munthu wa msinkhu wanga. Madamu Chanda anandikhazika pansi, nati angandisinthe ndipite kogulitsa matikiti, koma ine ndinkadziwa kuti mvula ikabwera anyani abwerera pachilumba, ndipo chilimwe china chidzabweranso. Anandilola kupuma chifukwa cha matenda. Ndi momwe tinabwerera kuno, kumene ndimabaya mbuzi za anthu ndi kuweta nkhuku zanga, ndiponso kumene iwe Tisa unabadwira.

Mudzamva ena akunena kuti amayi anu anachotsetsa nkhalamba ntchito chifukwa cha nyani amene sanalume munthu. Ndi zoona kuti palibe nyani amene anakwera khoma lija. Ndikumva kuti masola anafika, ngalande inadzaza, ndipo ana a sukulu amakonda chilumbacho kuposa mikango. Sindidzadziwa ngati Sajeni akanaoloka tsiku lina, kapena ngati ba Mwale ankanena zoona kuti nyani wokhuta sasiya akazi ake. Ndakhala ndikuzitembenuza m'mutu zaka zonsezi. Nthawi iliyonse ndimapezeka ndikuyendanso kupita kuofesi ija, ndipo nthawi iliyonse mtima umandipweteka chimodzimodzi.

Tsiku limene a kwa Mwale ankasamuka, lole inaima kutsogolo kwa mzere wathu. Anthu onse anatuluka kudzanyamula mipando, matiresi, mtondo, ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Ine ndinaima pakhomo panga iwe Dalitso uli m'manja, osadziwa ngati chipongwe chingakhale kuthandiza kapena kusathandiza. Ba Mwale anakwera kutsogolo. Amake Joyce anakwera kumbuyo, nakhala pamwamba pa matumba, atatembenukira kwina. Lole itayamba kuyenda unawazindikira, ndipo unatambasula manja n'kuyamba kulira kulira kwa mwana wosiyidwa. Anamenya mbali ya lole ndi chikhatho, dalaivala n'kuima. Ndinaganiza kuti tsopano anditukwana pamaso pa onse, ndipo ndinali wokonzeka. Sanatsike. Anayang'ana iwe, osati ine.

"Uyo mwana osamusambika m'madzulo," anatero. "Akasamba dzuwa italowa, akosomola. Musambikeni masana, madzi muyike pa dzuwa."

Anamenyanso lole, n'kupita. Ine mayi ako, wa satifiketi ya umoyo, ndinali ndisanadziwe kuti kusamba madzulo kumakutsokomoletsa. Ndinalowa m'nyumba, ndinathira madzi otsala m'beseni, ndinaliika padzuwa, ndipo ndinakhala pambali pake mpaka anafunda.